Ulendo wa ku Iceland Nthawi ya Chisanu: Mafunso ndi Mayankho

Chibwerereni ku Iceland, mafunso sakutha pa foni yanga. Ena akuchokera kwa abale kumudzi omwe anaona zithunzi, ena kwa anzanga okhala ku UK omwe atulukira kuti kuchokera ku London ndege imangotenga maola atatu kukafika kumeneko. Ndapitako kawiri, koyamba mu Disembala, kachiwiri mu Febuluwale. Mafunso amene amabwera kawirikawiri ndawaika pano pamodzi.

Kodi Iceland ili kuti, ndipo ndi dziko lotani?

Ndi chilumba cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, pakati pa Greenland ndi Norway. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 103,000, kucheperako pang'ono poyerekeza ndi Malawi, koma anthu ake ndi pafupifupi 390,000 basi. Amenewo ndi pafupifupi theka chabe la anthu a mumzinda wa Blantyre. Ambiri amakhala ku Reykjavík, likulu la dzikoli, ndi m'matauni oyandikana nawo, ena onse amwazikana m'mphepete mwa nyanja. Pakati pa chilumbachi palibe mudzi: ndi miyala, mchenga wakuda ndi madzi oundana.

Anthu a ku Mangochi dzina la dzikoli amalidziwa kale. Boma la Iceland lakhala likugwira ntchito zachitukuko ku Malawi, makamaka ku Mangochi, kuyambira 1989, poyamba pa nkhani za usodzi, kenako zaumoyo, sukulu ndi madzi, ndipo lili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Mukatchula Malawi kumeneko, musadabwe wina akakufunsani za Monkey Bay.

Kumazizira bwanji? Munthu wa kwathu angapirire?

Angapirire. Dzina la dzikoli limaopseza kuposa mmene zinthu zilili. Mu Januwale ku Reykjavík nthawi zambiri kumakhala cha pa madigiri 0, tsiku lina kukwera pang'ono, tsiku lina kutsika. Madzi ofundirapo a m'nyanja ochokera kum'mwera ndiwo amachititsa kuti gombe lisaume gwa ngati mmene kumakhalira ku Canada kapena ku Russia.

Chimene chimasautsa ndi mphepo. Amene anaona mwera utakwiya pa nyanja ya Malawi aganize mwera womwewo, koma utanyamula matalala ndi mchenga, ukuomba malo opanda mtengo ndi umodzi womwe woti uutchinge. Madigiri 0 kopanda mphepo ndi tsiku labwino, mumavula ndi magolovesi omwe pojambula. Madigiri 0 omwewo kuli mphepo, misozi imatuluka yokha ndipo masaya amachita dzanzi. Ulendo wonse wa nthawi ya chisanu umayenda motengera mphepoyi: ndiyo imatseka misewu, kuimitsa mabasi ndi kuchedwetsa ndege.

Zoti dzuwa silituluka n'zoona?

Limatuluka, koma mwaulesi. Cha pa 21 Disembala ku Reykjavík limatuluka nthawi itapitirira 11 koloko m'mawa, n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 3 masana. Maola anayi ndi mphindi zochepa. Silikwera pamutu ayi, limangoyenda chamunsi m'mphepete mwa thambo ngati likufuna kulowa nthawi ina iliyonse, motero tsiku lonse kuwala kumakhala kofiirira ngati kwa madzulo.

Tsiku langa loyamba ndinadzuka 9 koloko kunja kuli bii, ndipo ndinabwerera m'bulangete poganiza kuti foni yasokoneza nthawi. Ndinadzidzimuka nditamva ana a sukulu akusewera panja mumdima womwewo. Thupi lozolowera kudzutsidwa ndi tambala limasokonezeka. Tcherani alamu, nyamukani kukadali mdima, kuti maola ochepa owalawo akupezeni mwafika kale pamalo oti muone, osati muli pa msewu. Pofika pakati pa Febuluwale masana amakhala atatalika kufika maola oposa asanu ndi atatu.

Ndivale chiyani?

Jekete limodzi lalikulu silikwanira. Valani zovala zitatu zosanjikiza: mkati chovala chothina cha ubweya wa nkhosa, pakati juzi, kunja jekete ndi buluku zosalowa madzi kapena mphepo. Za thonje zisiyeni, chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimazizira pathupi ndipo siziuma msanga. Jinzi ndiye mdani weniweni. Onjezani chipewa chophimba makutu, magolovesi, sokosi zochindikala ndi nsapato zosalowa madzi. Ambulera musavutike nayo, mphepo imaipinda pa mphindi imodzi.

Ngati mukunyamuka ku Malawi, kaunjika angakupulumutseni. Majekete enieni a chisanu amapezeka m'mabelo ndipo ogula ake ndi ochepa. Chinthu chimodzi chimene simungachipeze kwathu ndi tizitsulo tokoleka kunsi kwa nsapato, eni ake amati mannbroddar. Gulani mukafika. Njira zopita ku mathithi zimaterera ngati therere, ndipo ndinaona bambo wina wamkulu bwino akutsika kanjira chokhala pansi, mkazi wake akumujambula.

Nanga viza ndi ndege?

Iceland sili mu European Union koma ili m'gulu la Schengen, la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza ya Schengen. Viza kapena chilolezo chokhala ku UK sichikulowetsani ku Iceland. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Pofunsira viza amafuna inshulansi ya ulendo yosachepera mayuro 30,000, umboni wa kogona, tikiti yobwerera ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira. Yambani kukadali nthawi.

Ndege zochokera kunja zimatera ku Keflavík, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Reykjavík. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre mumadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako mzinda wina wa ku Ulaya. Ngati tikiti ikudzera ku London, funsani za viza yodutsira musanalipire. Nthawi ya kumeneko ili kumbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi, chaka chonse.

Ndibwereke galimoto kapena ndikwere mabasi a alendo?

Ngati simunayendetsepo pa madzi oundana, ulendo woyamba kwerani basi. Ndikunena izi monga munthu amene anabwereka galimoto ulendo wachiwiri n'kutuluka thukuta kunja kukuzizira.

Amayendetsa kumanja, osati kumanzere ngati kwathu. Magetsi a galimoto amayenera kuyaka usana ndi usiku. Pa tara kunja kwa tauni liwiro silipitirira makilomita 90 pa ola, pa msewu wa miyala 80, koma nthawi ya chisanu manambalawa ndi a pa chikwangwani chabe. Msewu waukulu wozungulira dziko lonse, Route 1, ndi wa makilomita oposa 1,300, ndipo uli ndi milatho yambiri yodutsa galimoto imodzi. Mukaona chikwangwani cholembedwa Einbreið brú, chepetsani liwiro: amene wafika poyamba ndiye awoloke. Misewu ya pakati pa dziko, yoyamba ndi chilembo F, imakhala yotseka chisanu chonse. Kuyendetsa kunja kwa msewu ndi mlandu wa chindapusa chachikulu. Magalimoto obwereka amakhala ndi matayala a chisanu, ambiri okhala ndi timisomali, koma matayala saletsa mphepo kukankha galimoto.

Pali kanthu kena kamene aliyense amachenjezedwa pamalo obwereketsa magalimoto: gwirani chitseko ndi manja awiri potsegula. Mphepo imachilanda n'kuchipinda chagada, ndipo inshulansi zambiri sizilipira zimenezo. Poimika galimoto, iyang'anize kumene mphepo ikuchokera.

M'mawa uliwonse, musanamwe ndi tiyi yemwe, tsegulani masamba atatu pa intaneti: vedur.is ya zanyengo, umferdin.is ya misewu, ndi safetravel.is. Chenjezo limabwera m'mitundu itatu, lachikasu, la olenji ndi lofiira. Pa lachikasu ganizani kawiri, pa enawo khalani m'nyumba. Ine ndi anzanga tinatsekeredwa ku Vík, tauni ya ku gombe la kum'mwera, usiku umodzi umene sunali pa pulogalamu. Anagwetsa chipata pa msewu, pambali pake pataima galimoto ya opulumutsa anthu. Mnzanga wina ankafuna kukambirana nawo, monga tizolowera pa rodibuloko, koma mayi amene anali pamenepo anangoloza kutsogolo, kumene sikunkaoneka ngakhale timitengo tachikasu tosonyeza malire a msewu. Opulumutsawa, a ICE-SAR, ndi anthu ongodzipereka, amasiya ntchito zawo ndi tulo tawo kukatola alendo osamva. Nambala ya ngozi ndi 112.

Kodi kuwala kobiriwira kwa kumwamba kuja ndikuona ndithu?

Palibe angakulonjezeni, ndipo amene wakulonjezani akungofuna ndalama zanu. Kuwalaku, kumene ambiri amati aurora, kumachitika tizinthu tochokera ku dzuwa tikawombana ndi mpweya pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposa. Kubiriwirako kumachokera ku okosijeni. Kumaoneka kuyambira Seputembala mpaka chakumayambiriro kwa Epulo, ndipo pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: mdima, thambo lopanda mitambo, ndi dzuwa litatumiza mphamvu zokwanira. Chimene chimalepheretsa anthu ambiri ndi mitambo.

Pa vedur.is pali mapu a aurora amene amapusitsa alendo. Pobiriwira pa mapuwo si pamene pali kuwala ayi, ndi pamene pali mitambo. Muzifuna poyera. Ine ndinayenda ola lathunthu kulondola pobiriwira, n'kukaima pansi pa mtambo wakuda ndikudya masikono.

Chinanso, zithunzi zimanama pang'ono. Kamera imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, pamene diso silitero. Usiku umene kuwala kuli kofooka, mumaona ngati kamtambo kotuwa kotambalala, mpaka mutaloza foni n'kuona kubiriwira pa sikirini. Koma kukakhala kwamphamvu, foni mumaiiwala. Mu Febuluwale, cha m'ma 11 koloko usiku, tinaima pafupi ndi tchalitchi china chaching'ono kunja kwa tauni. Kunayamba ngati mzere umodzi, kenako kunang'ambika n'kumagwedezeka ngati nsalu yoyanikidwa pa chingwe, m'munsi mwake mukuchita pinki. Palibe phokoso lililonse. Mayi wina wachikulire amene tinali naye anangoyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Khalani masiku osachepera anayi kapena asanu, ndipo ngati mukupita ndi basi, lembetsani usiku woyamba. Makampani ambiri amakulolani kubwereza ulere ngati simunaone kanthu.

Mapiri akuphulikaphulika kumeneko. Si kuika moyo pachiswe?

Funso limeneli amafunsa kwambiri ndi amayi anga. Iceland ili pamalo pamene zigawo ziwiri za nthaka ya dziko lapansi, cha North America ndi cha Eurasia, zikutalikirana ndi masentimita awiri pa chaka. Ndi zofanana ndi zimene zinang'amba chigwa chimene muli nyanja ya Malawi, kungoti kumeneko moto uli pafupi kwambiri. Malo amene angaphulike alipo pafupifupi 30.

Mbiri yake ndi yoopsa ndithu. Kuphulika kwa Laki mu 1783 kunapha ziweto zambiri, ndipo njala yotsatira inapha munthu mmodzi mwa asanu alionse. Pa 23 Januwale 1973 nthaka inang'ambika usiku m'mphepete mwa tauni pa chilumba cha Heimaey, ndipo anthu oposa 5,000 anasamutsidwa usiku womwewo, ambiri pa maboti a asodzi amene anali padoko chifukwa cha namondwe wa dzulo lake. Mu Epulo 2010 phulusa la phiri la Eyjafjallajökull linaimitsa ndege ku Ulaya pafupifupi sabata yathunthu.

Zimene mwakhala mukuona pa TV kuyambira mu 2021 ndi za ku Reykjanes, dera lomwe kuli bwalo la ndege. Kunali zii kwa zaka pafupifupi 800 mpaka pa 19 Malichi 2021, pamene Fagradalsfjall inaphulika. Pa 10 Novembala 2023 anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa chifukwa cha zivomezi, pa 18 Disembala moto unatuluka, ndipo mu Januwale 2024 chiphalaphala chinatentha nyumba zitatu. Mwezi wotsatira chinadula paipi ya madzi otentha, anthu a m'deralo n'kukhala masiku angapo m'nyumba zozizira. Kwa anthu a ku Grindavík ndi tsoka lalikulu, ambiri sanabwererenso kwawo.

Kwa mlendo nkhani ndi ina. Kuphulika kwa ku Reykjanes ndi kwa chiphalaphala choyenda pansi, kopanda phulusa lambiri, ndipo ndege ku Keflavík zakhala zikuuluka. Asayansi amayang'anira nthaka usana ndi usiku, apolisi amatseka malo oopsa. Choopsa chobisika ndi mpweya woipa ndi chiphalaphala chakuda chooneka ngati chazizira pamene pansi pake pakadali moto. Musapondepo.

Ndili ndi masiku anayi okha. Ndione chiyani?

Tsiku limodzi lipatseni njira yotchedwa Golden Circle. Ku Þingvellir mumayenda mumng'alu pakati pa makoma a miyala, pamalo pomwe nyumba ya malamulo ya dzikoli, Alþingi, inayambira kukumana m'chaka cha 930. Ku Geysir kuli kasupe wotchedwa Strokkur amene amalavula madzi owira m'mwamba mamita 15 mpaka 20 pa mphindi zisanu kapena khumi zilizonse. Yang'anitsitsani madzi ake: amapuma, kukwera, kutsika, kenako amatupa ngati chibaluni chabuluu kwa sekondi imodzi asanaphulike. Muime kumbali kumene mphepo ikuchokera. Pomaliza pali mathithi a Gullfoss, mamita 32 m'masitepe awiri, m'mbali mwake mutaundana.

Masiku awiri apatseni gombe la kum'mwera: mathithi a Seljalandsfoss ndi Skógafoss, onse a mamita 60, tauni ya Vík, mpaka ku Jökulsárlón, dziwe limene mumayandama zibuma za ayezi zazikulu ngati nyumba. Kutsidya kwa msewu nyanja imabweza zidutswa zake pa mchenga wakuda. Kuchokera ku Reykjavík ndi makilomita pafupifupi 380. Alipo amene amapita ndi kubwera tsiku limodzi, koma mu Disembala ndiye kuti mwalipira kuti mukaone mdima pawindo la basi. Gonani kumeneko.

Tsiku lachinayi lisiyeni lopanda kanthu. Mphepo idzalifuna. Zozungulira dziko lonse kapena kupita ku tauni ya Akureyri kumpoto zisungireni ulendo wautali.

Mapanga a ayezi ndi otetezeka?

Mapangawa amapangidwa ndi madzi oyenda pansi pa Vatnajökull, chiphiri cha madzi oundana chimene chakuta pafupifupi 8 peresenti ya dzikoli. Chaka chilichonse amasintha, ena amagwa, ena atsopano amaoneka. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Malichi, pamene kuzizira kwalimbitsa denga. M'kati mwake ayezi ndi wabuluu wosalala ngati botolo, muli mizere yakuda ya phulusa la mapiri amene anaphulika kalekale.

Pitani ndi wotsogolera, chipewa cholimba kumutu, zitsulo kumapazi. Mu Ogasiti 2024 khoma la ayezi linagwera alendo ku Breiðamerkurjökull, mbali ina ya Vatnajökull, ndipo mmodzi anamwalira. Wotsogolera akanena kuti lero sitilowa chifukwa kwagwa mvula, musakangane naye za ndalama zanu muli pakhomo pa phanga.

Bwanji anthu amachenjeza kwambiri za gombe la Reynisfjara, pafupi ndi Vík?

Chifukwa lapha anthu. Mchenga wake ndi wakuda, miyala yake yaima ngati mizati yosemedwa, aliyense amafuna chithunzi. Mafunde asanu amafika patali ndi inu, lachisanu ndi chimodzi limadutsa pomwe mwaima n'kukukokerani m'madzi ozizira oti ngakhale katswiri wosambira wa ku Nkhata Bay sangalimbemo. Polowera pali magetsi ochenjeza, achikasu ndi ofiira, osonyeza pomwe muyenera kulekezera. Nyanja musaipatse msana.

Zosamba panja kukuzizira chonchi zimatheka bwanji?

Apa ndiye pokoma. Madzi otentha amachokera pansi pa nthaka, monga akasupe a ku Chiweta ku Rumphi, koma kumeneko anawalowetsa m'mapaipi. Nyumba 9 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi amenewa, ndipo pakati pa Reykjavík misewu ina amaisungunula ndi madzi otsala. Mukatsegula mpopi wotentha mukamva fungo la dzira lowola, si kuti hotelo ndi yauve, ndi sulufule. Madzi ozizira a pampopi ndi abwino kumwa, musataye ndalama pa a m'botolo.

Mwa malo osambirako, Blue Lagoon ndiyo yotchuka. Madzi ake amachokera ku malo opangira magetsi a Svartsengi, ndi yodula, imafuna kulembetseratu, ndipo yakhala ikutsekedwa mapiri akaphulika. Ine ndimakonda maiwe a m'tauni, monga Laugardalslaug, kumene eni dziko amapita akaweruka. Mumakhala m'madzi a madigiri 38 mpaka 42, chipale chofewa chikugwera pamutu, azigogo akukambirana ndale.

Koma konzekani. Musanalowe m'dziwe muyenera kusamba ndi sopo muli mbulanda, amuna kwawo, akazi kwawo. Pakhoma pali chithunzi chosonyeza malo oyenera kutsuka, ndipo pali munthu woyang'anira. Kwa ife oleredwa kuti ngakhale pa dambo mkulu amasamba kumtunda, mwana kumunsi, n'zovuta. Ndinaima ndi tawulo langa mphindi zingapo ndikudzilimbitsa mtima, kenako ndinazindikira kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene ankandiyang'ana.

Chakudya ndi ndalama?

Iceland ndi yodula, palibe kubisa. Ndalama yawo ndi króna koma ine sindinaigwire n'komwe, paliponse ndi khadi, ngakhale ku chimbudzi cholipira. Dziwani PIN yanu chifukwa pa mapampu a mafuta odzithirira nokha imafunika. Kugula zakudya m'masitolo a Bónus kapena a Krónan n'kumaphika nokha kumapulumutsa kwambiri. Mowa weniweni umagulitsidwa m'masitolo a boma otchedwa Vínbúðin ndi m'mabala. Mpaka pa 1 Malichi 1989 mowa wa biya unali woletsedwa m'dzikoli.

Lawani kjötsúpa, msuzi wa nyama ya nkhosa wokhala ndi mbatatesi ndi karoti, ndi plokkfiskur, nsomba yophwanyidwa pamodzi ndi mbatatesi. Nsomba youma yotchedwa harðfiskur amaidya yosaphika atapaka batala, ndipo kwa munthu wokulira pa usipa si yachilendo. Ku Laugarvatn amakwirira mphika wa buledi mumchenga wotentha kwa maola 24. Chakumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale kumakhala madyerero a Þorrablót, a zakudya zamakolo. Mutu wa nkhosa wowaula sungatiopse ife odya mitu ya mbuzi. Shaki yovunditsa yotchedwa hákarl ndiyo inandigonjetsa, kachidutswa kamodzi kanandikwanira.

Ndipite pa Khirisimasi kapena ndidikire?

Disembala ndi wa mdima, wodula, koma wosangalatsa m'tauni. Ana amaika nsapato pawindo kuyambira usiku wa pa 11 Disembala, ndipo anyamata 13 a m'nthano otchedwa Jólasveinar amabwera mmodzimmodzi usiku uliwonse kudzaikamo kamphatso, kapena mbatatesi yowola ngati mwanayo ndi wosamvera. Kulinso chimphaka chimene amati chimadya aliyense amene sanalandire chovala chatsopano, nkhani imene ana a kwathu angaivomereze ndi manja awiri. Usiku wolowa chaka chatsopano amasonkha moto waukulu m'madera, ndipo pakati pa usiku banja lililonse limaphulitsa makombola ake. Ambiri amagula kwa a ICE-SAR aja, ndiyo njira yawo yaikulu yopezera ndalama.

Ngati cholinga chanu ndi mathithi, mapanga ndi kuwala kwa kumwamba, sankhani chakumapeto kwa Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi. Mapanga amakhala akadali otsegula, usiku ukadali wakuda mokwanira, ndipo masana amakhala a maola pafupifupi khumi kapena kuposa. Mbalame zokongola milomo zija, ma puffin, musaziyembekezere: nthawi imeneyi zimakhala zili kutali panyanja, zimayamba kubwerera mu Epulo.